Zam'nyumba ndi Zakumunda: Magiya a Salaula M'njinga Yamoto

Mwezi uno tafuna kuti tikambirane nkhani ya zitsulo. Ena adzadabwa, koma nkhani ya zitsuloyi imakhudza thumba la banja, ndiponso moyo wa munthu amene ali pa msewu. Tikunena za giyabokosi ya njinga yamoto, ndi funso limene mwini njinga amakumana nalo giyabokosiyo ikayamba kuvuta: kodi n'kwanzeru kuikamo magiya akale, ocotsedwa m'njinga ina imene inafa, makamaka ngati njingayo inapangidwa caka cosiyana ndi yathu? Yankho lathu ndi lakuti n'kotheka, ndipo kawirikawiri ndiyo njira yopulumutsira ndalama, koma pokhapokha munthu atapima ndi kuwerenga. Dzina lolembedwa pa thanki silikwanira.

Kuno ku Kasisi, m'boma la Chongwe, kumene Bambo Jules Torrend a cipani ca Ajezuiti anatsegula mishoni m'caka ca 1905, midzi ndi minda zili motalikirana, ndipo mvula ikagwa njira zina galimoto sizipita. Njinga yamoto, imene ambiri a ife timangoichula kuti honda ngakhale ikhale ya kampani ina, ndiyo imanyamula repu ndi matimati, ndiyo imathamangira ku cipatala ndi mai amene nthawi yao yakwana, ndiyonso imafikitsa mlangizi wa zaulimi ndi katekisiti kumene akudikiridwa. Njinga ikaima sabata imodzi, ndiwo zimafota m'dimba ndipo ndalama ya sukulu imacedwa. Ndico cifukwa cake mwini wake amathamangira kwa makanika ali ndi mtima umodzi wokha, wakuti iyende lero lomwe. Changu coteroco ndico cimabala zolakwa zambiri.

Kukonza ndi zitsulo zakale si cinthu cacilendo m'dziko lathu. Mtengo wa kopa utagwa m'caka ca 1975, ndalama zakunja zinasowa, ndipo kwa zaka zambiri masitolo a masipeya anali ndi mashelufu opanda kanthu. Amisiri a nthawi imeneyo anaphunzira kupha njinga imodzi kuti ziwiri zikhale ndi moyo. Malonda atamasulidwa pambuyo pa caka ca 1991, masipeya anayamba kubwera, ndipo lero vuto latembenuka: zitsulo zilipo zambiri, zofanana maonekedwe, koma zosiyana m'kati. Akuluakulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

CIFUKWA CIANI DZINA LIMODZI SILITANTHAUZA CITSULO CIMODZI

Titenge citsanzo ca Honda CG125, kholo la njinga zambiri zimene timaziona m'misewu yathu. M'caka ca 1974 kampani ya Honda inatumiza akatswiri ake ku maiko monga Thailand, Indonesia, Philippines ndi Pakistan kuti akaone mmene anthu amagwiritsira nchito njinga. Anapeza kuti anthu amasenzetsa njinga katundu wambiri ndipo sasintha oilo pa nthawi yake. Motero anapanga injini yolimba ndi yosavuta kukonza, imene inatuluka m'caka ca 1975. M'caka ca 1976 anayamba kuipanganso ku Manaus m'dziko la Brazil, kenaka ku Pakistan ndi kwina, ndipo pambuyo pake mafakitale ambiri a ku China anayamba kupanga mainjini otengera pa iyo.

Tsono taonani cimene cinacitika m'zaka zonsezi. Ma CG125 ena ali ndi magiya anai, ena asanu, malinga ndi caka ndi dziko limene anapangidwira. Pa ena giya loyamba umaponda pansi ndipo otsalawo umakweza m'mwamba, pamene pa ena onse umaponda pansi. Palinso ena ozungulira, amene ukafika pa giya lomaliza n'kupondanso, umabwerera pa nyutulo. Kunja injini zonsezi zimaoneka ngati ana a mai mmodzi. Zoterezi zimapezekanso pa njinga za ku India monga Bajaj Boxer, imene ilipo ya magiya anai ndi ya magiya asanu.

Pa mainjini a ku China mumaona zilembo monga 156FMI kapena 162FMJ. Ambiri amaganiza kuti zilembo zikafanana ndiye kuti zonse zafanana. Koma zilembozi zimangonena kuti injini ili ndi silinda imodzi, kukula kwa silindayo m'mamilimita, kuti imazizira ndi mphepo, ndiponso kuti ndi ya 125 kapena ya 150. Za mano a magiya sizinena kanthu.

MMENE GIYABOKOSI IMAGWIRIRA NCHITO

Kuti timvetse zoyenera kupima, tiyambe tadziwa zimene zili m'katimo. Muli mashafiti awiri ogona moyandikana. Yoyamba imalandira mphamvu kucokera ku kilachi, yaciwiri imaipereka ku sipuloketi yaing'ono imene imakoka cheni. Pa mashafitiwa pali magiya oikidwa awiriawiri, lina pa shafiti iyi, linzake pa shafiti inayo, ndipo mano ao amakhala olumana nthawi zonse. Munthu akasintha giya sakulumanitsa manowo iai. Cimene cimacitika n'cakuti giya lina limasendera cam'mbali, ndipo zikhadabo zimene lili nazo m'mbali mwake zimalowa m'mabowo a giya loyandikana nalo, n'kulimanga ku shafiti. Cosendeza giyalo ndi foloko, ndipo mafoloko amatsata tinjira tokhotakhota tosemedwa pa dilamu, citsulo cobulungira cimene cimatembenuka pang'ono nthawi iliyonse phazi likaponda.

Motero zinthu zinai ziyenera kumvana: mano, zikhadabo, mafoloko ndi dilamu. Cimodzi cikakhala ca banja lina, zinazo zimavutika naco. Ndipo apa pali mfundo imene wokwera aliyense ayenera kuisunga mumtima. Injini ikagwira njinga ili pa liwiro, wokwera akhoza kukoka kilachi ndipo gudumu la kumbuyo limamasuka. Koma giyabokosi ikagwira, kukoka kilachi sikuthandiza, pakuti giyabokosi ili pakati pa kilachi ndi gudumu. Gudumu limangouma, ndipo njinga imagwetsa onse amene yanyamula. Dzino limodzi lothyoka, kapena magiya awiri olowa nthawi imodzi, n'zokwanira kucita zimenezi.

TISANANG'AMBE INJINI

Kuti munthu afike pa magiya, injini iyenera kutsitsidwa, silinda kucotsedwa, ndipo makesi awiri kulekanitsidwa. Ndi nchito ya tsiku lathunthu, ndipo mtengo wake si wocepa. Conco tiyambe taona zinthu zochipa. Magiya akamalimba posintha, kawirikawiri vuto limakhala waya wa kilachi wosacunidwa bwino, kapena oilo amene wakalamba. Copondera cikapanda kubwerera m'malo mwake, nthawi zambiri ndi kasipuling'i kamene kathyoka, ndipo pa injini za mtundu wa CG kamafikika pongotsegula civundikiro ca mbali ya kilachi. Phokoso lina limene timaliyesa la magiya limacokera ku cheni ndi masipuloketi otha.

Zizindikiro zoti vuto lilidi m'kati ndi izi: giya limadzicokera lokha njinga ikamakoka pa citunda, makamaka laciwiri, pamamveka kulira kosalekeza kumene kumasintha ndi giya, ndipo mu oilo wokhutulidwa mumaoneka tizidutswa ta citsulo. Khuthulirani oiloyo m'mbale yoyera, muyendetsemo maginito, ndipo mudzaona nokha. Zikatero musayendenso nayo njingayo, pakuti tizidutswato timazungulira ndi oilo mpaka ku pisitoni ndi mabering'i onse. Pa njinga zoterezi oilo wa injini ndi wa magiya ndi mmodzi.

POSANKHA CITSULO CAKALE

Coyamba, dziwani njinga yanu. Nambala ya felemu imadindidwa pa khosi, pamene pamazungulira mahandulo, ndipo nambala ya injini imakhala pa kesi, kawirikawiri ku dzanja lamanzere. Pa njinga zambiri, ngakhale si zonse, nambala ya felemu ili ndi zilembo 17, ndipo ca nambala 10 cimanena caka: A ndi 2010, B ndi 2011, L ndi 2020, pamene zaka za 2001 mpaka 2009 zinalembedwa ndi manambala 1 mpaka 9. Amene ali ndi lamya ya intaneti akhoza kuona mabuku a masipeya a kampani. Nambala ya sipeya ya Honda ili ndi zigawo zitatu, ndipo ca pakati cimanena mtundu wa njinga umene citsuloco cinapangidwira poyamba. Nambala yonse ikafanana pa njinga za zaka ziwiri zosiyana, citsuloco ndi cimodzi, ndipo mukhoza kugula mtima uli m'malo. Ikasiyana, ndiye kuti akatswiri anasinthapo kanthu, ngakhale diso lisaone.

Caciwiri, musapite ku msika manja ali m'thumba. Tengani citsulo cimene cafa, ndipo ngati n'kotheka shafiti yake ndi giya linzake lolumana nalo. Safunsa anadya phula, koma pa nkhani iyi kufunsa kokha sikukwanira, pakuti wogulitsa nayenso mwina sadziwa njinga imene citsuloco cinacokera.

Cacitatu, werengani mano. Ikani cizindikiro ca coko pa dzino limodzi, muwerenge mozungulira, kenaka mubwereze. Tiyerekeze kuti giya lanu lili ndi mano 28 ndipo la pa msika lili ndi 29. Pa dzanja simudzaona kusiyana, ndipo likhoza kulowa pa shafiti bwinobwino. Koma mtunda wa pakati pa mashafiti awiri aja susintha, conco giya la mano 29 lidzafinyana ndi linzake, lidzalira, lidzatentha, ndipo tsiku lina dzino lidzathyoka. Werenganinso zikhadabo ndi mabowo ake, muone ngati mpangidwe wake ndi umodzi. Werengani timizere ta m'kati mwa giya timene timagwira shafiti. Pimani kunenepa kwa giya ndi vernier, cipangizo cimene makanika aliyense wodzilemekeza ayenera kukhala naco. Theka la milimita ndi lokwanira kucititsa zikhadabo kulowa mwatheka.

Cacinai, onani ngati citsuloco cidakali ndi moyo. Zikhadabo zabwino zimakhala ndi ngodya zakuthwa. Zikabulungira ngati mano a nkhalamba, giyalo lizidzangocoka monga licitira lanu. Mano okhala ndi timaenje kapena dzimbiri lodya citsulo ndi otha. Foloko imene nsonga zake zasanduka zabuluu inapsa ndi kukhuzana, ndipo kawirikawiri imakhala yopindika. Shafiti muigubuduze pa galasi: yoongoka imayenda mwakacetecete, yopindika imadumphadumpha. Tinjira ta pa dilamu tikhale tosalala, topanda kukumbika pa makona.

Cacisanu, ndipo ici ndico cacikulu pa zonse: giya silikwatira lokha. Magiya awiri amene akhala akulumana kwa zaka amadyana mofanana, ndipo kulowetsapo lacilendo kumafulumizitsa kutha kwa onse awiri. Ngati mwagula giya la zikhadabo, gulaninso la mabowo limene zikhadabozo zimalowamo. Koposa zonse, ngati njinga yoperekayo ndi ya caka cina, tengani banja lonse la m'injini imodzi: mashafiti awiri ndi magiya ake, mawosha ake, mafoloko ndi dilamu. Mukatero mafunso amacepa. Cotsala ndi kuona ngati mashafiti akukwana m'mabering'i a makesi anu, ngati kilachi ndi sipuloketi yanu zikulowa pa nsonga zake, ndiponso ngati giya la kiki likulumana bwino, pakuti nalonso linasinthidwa m'zaka zina. Ndipo ngati dilamu yatsopanoyo yasintha kapondedwe ka magiya, aliyense wokwera njingayo auzidwe, pakuti phazi lili ndi cizolowezi cake.

ZOSAYENERA KUGULA ZAKALE

Pali tinthu timene mtengo wake ndi wocepa koma kuticita salaula n'kudzinamiza. Magasiketi, masilo a oilo ndi timakilipu togwira magiya pa shafiti tikhale tatsopano nthawi zonse. Kakilipu kakatambasulidwa kamodzi sikabwereranso mphamvu yake, ndipo kakadumpha m'malo mwake giya limasendera kumene silifunika. Mabering'i naonso, popeza injini yatsegulidwa kale, n'kwabwino kuikamo atsopano. Kusunga ndalama ya bering'i lero ndiko kulipira kawiri nchito yong'amba injini.

Ticenjerenso ndi kuocerera. Amisiri ena amaocerera zikhadabo zotha n'kuzisema ndi cinolo, kapena kuongola foloko ndi moto. Giya linaumitsidwa kunja kokha, ngati khungu, pamene m'kati ndi lofewerapo kuti lisaphwanyike. Moto wa kuocerera ndi cinolo zimacotsa khungu limenelo. Njinga idzatuluka m'galaja ikuyenda bwino, koma masiku ake ndi owerengeka.

POMANGA

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomasula, zitsulo zindandalikidwe pa nsalu yoyera monga mwa dongosolo lake, ndipo lamya ijambule sitepe iliyonse, pakuti wosha mmodzi woikidwa mbali yolakwika amasokoneza zonse. Makesi atsukidwe ndi palafini. Injini ya CG ilibe sefa ya pepala. Ili ndi kasefa ka waya ndi kacikho kozungulira pa kilankishafiti kamene kamasonkhanitsa zinyalala. Zonse ziwiri zitsukidwe, pakuti ndimo mobisala tizidutswa ta giya lakale.

Asanatseke, makanika aike mashafiti, mafoloko ndi dilamu m'kesi imodzi, azungulitse ndi dzanja, ndipo alowetse magiya onse mmodzimmodzi, kukwera ndi kutsika, pamodzi ndi nyutulo. Akatseka ndi kumanga mabauti, ayesenso. Ngati shafiti yalimba, atsegule. Asakakamize ndi nyundo kapena kunena kuti zidzazolowerana pa msewu. Mwini njinga ali ndi ufulu woona kuyesaku ndi maso ake, ndiponso wolandira zitsulo zake zakale. Mmisiri woona sakhumudwa nazo. Pomaliza thirani oilo wa njinga yamoto, wolembedwa JASO MA pa cigubu, pakuti oilo wina wa galimoto amatereretsa kilachi. Masiku oyamba muyende mopanda katundu wolemera, ndipo oilo woyambayo musacedwe kumusintha.

CITSULOCO CACOKERA KUTI?

Pali funso lina limene vernier siingayankhe. Njinga zamoto zimabedwa, ndipo yobedwa kawirikawiri siigulitsidwa yathunthu. Imaphwasulidwa n'kugulitsidwa cimodzicimodzi. Giyabokosi yonse ya njinga yatsopano ikamagulitsidwa pa mtengo wa nkhuku, munthu wanzeru adzifunse kuti mwini wake akulira kuti. Kulandira katundu ukudziwa kuti ndi wakuba ndi mlandu pa malamulo a dziko la Zambia, ndipo amene tinaphunzira katekisimu tidziwa kuti lamulo lacisanu ndi ciwiri silimanga wakuba yekha, limamanganso womugula. Funsani za njinga imene citsuloco cacokera, ndipo mupemphe lisiti. Ngati mukugula makesi kapena injini yonse, kumbukirani kuti nambala ya injini inalembedwa m'buku la njinga yanu, conco kusinthako kuyenera kudziwitsidwa ku bungwe la RTSA, loona za magalimoto ndi citetezo ca pa msewu. Nafenso tsiku logulitsa njinga yathu, tiuze wogula kuti m'katimo muli magiya a caka cakuti, kuti naye podzafuna sipeya asadzasocere.

KUSAMALA KUPOSA KUKONZA

Bungwe la Riders for Health, limene linayambira ku Britain ndipo linagwira nchito ndi azaumoyo m'maiko angapo a mu Africa, Zambia ali pomwepo, linaonetsa kuti njinga monga Yamaha AG200 zimatha kuyenda zaka m'misewu ya fumbi popanda kufera pa njira, ngati wokwera aiona m'mawa uliwonse ndipo zitsulo zisinthidwa zisanafe. Phunziro lake ndi lathu tonse. Magiya ambiri amafa cifukwa ca zizolowezi zinai: oilo wosasinthidwa, kusintha giya mosakoka kilachi, kuponda copondera ngati tikupha njoka, ndi cheni yokokedwa kwambiri. Cheni youma ngati nsinga ya uta imakoka shafiti ndi kupha bering'i yake. Pa njinga zambiri iyenera kusewera masentimita 2 kapena 3 pakati pake. Tionjezepo katundu: matumba atatu a cimanga pa njinga ya 125 amafika ndithu, koma amene amalipira ndi giya loyamba ndi laciwiri.

Anzathu a ku Kasisi Agricultural Training Centre, sukulu ya zaulimi imene Ajezuiti anaiyamba m'caka ca 1974, akhala akuphunzitsa alimi kuti mapesi ndi ndowe si zotaya, koma kuti kompositi ili ndi kapangidwe kake, ndipo woponyamo ciliconse amakolola udzu. Ndi mmenenso zilili ndi zitsulo zakale. Njinga imene inafa pa ngozi ikhoza kukhala ndi giyabokosi yamoyo, yoposa ngakhale zatsopano zina zochipa, ndipo kuigwiritsa nchito ndi nzeru ya munthu wosamala cuma. Koma tiwerenge mano, tipime, titenge banja lonse, tiyese tisanatseke, ndipo tifunse kumene cacokera. Amene adzakwera kumbuyo kwa njingayo ndi mai a kunyumba, mwana wa sukulu, kapena wodwala wa m'mudzi mwathu.